Meya Amene Anaba Manda

Pyo Dokman anabadwira m'kanyumba ka malata kuseri kwa msika wa nsomba, kuno ku Naksil. Ana a masiku ano amamudziwa ngati wamisala uja. Akuluakulu amamukumbukira ngati Meya wa suti yakuda. Koma ife amene tinkasenza naye mabokosi a ayezi padoko timakumbukira msana wake wonyowa ndi maso ake anjiru. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Iye anapitirirako pang'ono, n'chifukwa chake ankaona ngati umphawi wa ife tonse unali wotiyenera, koma wakewo unachita kusochera khomo. Zonse ndalemba apazi anazinena yekha pakati pa msika mutu utasokonekera, ndipo anazibwereza mpaka tinatopa nazo.

Bambo ake anali msodzi waganyu m'boti la eni. Chifuwa chinawatenga Dokman akadali mnyamata, ndipo anaikidwa m'munsi mwa phiri, kumbali yosafika dzuwa, pamalo poti mvula ikagwa madzi amachita chithaphwi. Ndi pokhapo pamene banjalo linakwanitsa. Amayi ake ankagulitsa nsomba zouma pakathebulo, n'kumalera Dokman ndi mlongo wake wamkulu, Gumnye.

Tsidya lina la doko kunali phiri la banja la a Bang. Pamenepo panali manda a agogo awo, oyang'ana kum'mwera, dzuwa tsiku lonse, phiri kumbuyo, nyanja kutsogolo. Tauni yonse inkadziwa kuti maboti a banjalo ndi fakitale yawo ya ayezi zinachokera m'manda amenewo. Mdzukulu wawo, Bang Sangchol, ndiye anali bwana wathu. Ndinene zoona ngakhale mabwana sindiwakonda: Sangchol sanali woipa. Anakulira limodzi ndi Dokman, ankamutchula mng'ono wake, ankamugulira mowa wa soju, ndipo jekete limene Dokman anavala pa ukwati wake linali la Sangchol. Chimene chinkamudya Dokman n'chomwecho. Akanakhala wankhanza akanamuda bwinobwino, koma uyu ankachita kumudyetsa.

Nthawi yosankha makhansala itafika, Dokman anaima nawo. Anabwereka suti, n'kumaima pamphambano kuweramira magalimoto mpaka msana kuuma. Pa chisankhocho anagwa mochititsa manyazi. M'mawa mwake anabwerera kudzasenza ayezi.

"A Khansala," anatero mayi wina wogulitsa nkhanu, "tafulumirani ndi bokosilo, lingasungunuke ngati mavoti anu."

"Musawavute," anayankha mnzake. "Akazi awo anawavotera, amayi awonso anawavotera. Achemwali awo okha ndiwo anali ndi zochapa tsiku limenelo."

Msika wonse unaseka. Dokman anatula bokosilo, anavula magolovesi, n'kuchoka.

Analunjika kwa a Maeng. A Maeng anali sing'anga, ankakhala m'chipinda chapamwamba pa shopu yokonzera mainjini a maboti, nsungwi ya mbendera yofiira ndi yoyera itatulukira pawindo. Anali onenepa, manja ofewa ngati a khanda, ndipo sankakweza mawu. Dokman anawapeza akusenda apulo.

"Khalani pansi, a Meya."

"Musandiseke, bambo. Ngakhale ukhansala wandikana."

"Ndani akuseka? Vuto si inu. Bambo anu agona m'madzi. Munthu amene akunjenjemera m'matope angakankhe bwanji mwana wake kuti akwere?"

"Ndiwasamutse? Malo abwino ndi okwera mtengo."

"Malo abwino m'tauni muno ndi amodzi. Mumawayang'ana m'mawa uliwonse mukasenza bokosi."

Dokman anati, "Aja ndi a achimwene anga a Sangchol."

"Dothi silifunsa dzina. Limadyetsa amene wagona pansi kwambiri." A Maeng anadula apulo, n'kumupatsa chibenthu pampeni. "Mukafukule mafupa a bambo anu. Mukakumbe cham'mbali mwa manda a agogo a Bang, mukawalowetse pansi pa bokosi lawo. Manda akalewo mukawakwirire bwino, udzu uzimera ngati kale. Asadziwe munthu."

"Basi?"

"Chizimba chake n'chochepa. Kumeneko simudzagwadako, simudzametako udzu, simudzapondako pokhapokha nditakutumani. Ndipo tengani aka." Anatulutsa kapepala kachikasu kolembedwa ndi utoto wofiira. "Mukamate pamwamba pa chitseko cha amayi anu. Tsiku lokumbukira imfa ya bambo anu, muziyala chakudya monga mwa nthawi zonse, chitseko muzitsegula, koma iwo sadzalowa."

"Ndiye adzadya kuti?"

"Sadzadya. Wakufa akakhuta amagona. Wanjala ndiye amagwira ntchito."

Dokman anapinda kapepalako. "Nanga a Bang ziwathera bwanji?"

"Mbale ndi imodzi, a Meya. Mukadya inu, iwo aziyang'ana."

"Afa?"

"Mwabwera kudzafunsa za iwo kapena za inu?"

Dokman anangofunsa za malipiro.

"Ine mundipatsa ya fodya. Phiri lidzanena lokha mtengo wake likadzamva njala."

Dokman anadikira nyengo ya mvumbi, pamene nkhungu imaphimba mapiri masana ndipo palibe amene amakwerako. Anatenga fosholo ndi bokosi la nsomba. Matabwa a bokosi la bambo ake anali atawola, mafupa ali bii ndi matope. Atanyamula chibade anaona mpata wa dzino limene bambo ake anathyola polumira chingwe cha ukonde, ndipo pamenepo anafuna kubweza. Koma anadzilankhulira yekha. "Bambo, pepani. Ndikukutengerani pouma. Simunagonepo pouma chibadwire." Anawakulunga m'pepala loyera, anawasenza kumsana ngati ayezi, anazungulira doko, n'kukachita monga anauzidwira. Dothi la kwa a Bang linali lofiira, lofunda, lopanda mwala. Powakankhira pansi pa bokosi la mkulu uja anamva mafupa akukhulana ndi thabwa. Kumveka kumeneko ankati sikunamuchoke m'khutu.

Kapepala kaja anakamata tsiku lomwelo. Amayi ake anafunsa kuti n'kachiyani.

"N'kamwayi, Amayi."

"Ukanayamba kale, mwanawe," anatero akuseka.

Mwayi unabweradi, ndipo unabwera mopanda ulemu. Kadambo kamchere kamene bambo ake anasiya kuseri kwa msika, koti ngakhale galu sankakodzapo, kanapezeka kali pakati penipeni pa malo omangapo doko latsopano. Boma litamulipira, Dokman anagula lole, kenaka malole. Chisankho china chitabwera, anthu omwe aja ankamuseka anamuvotera, ndipo ukawafunsa chifukwa chake ankangokanda m'mutu. Anakhala khansala, anakhala mkulu wa makhansala, mapeto ake anakhala Meya wa Naksil. Sindinama, zina anachita. Denga la msika anamanga ndi iye, msewu wa kuchipatala ndi wakenso. Koma simenti yake inkachokera kwa alamu ake, ndipo malole onyamula mchenga anali ake omwe. Ife anzake akale tikakumana naye ankatigwira chanza ndi manja awiri maso ali kwina, ndipo akalowa m'galimoto ankapukuta manja.

Tsidya lina zinthu zinkatsika. Boti limodzi la Sangchol linawomba mwala nyanja ili bata. Makina a fakitale anapsa, ndipo amene anagula fakitaleyo motchipa anali Dokman. Kenaka mwana yekhayo wa Sangchol, Jaegu, anakoledwa mwendo ndi chingwe cha ukonde, n'kumira anzake akuona. Pa maliro amenewo nkhata yaikulu kuposa zonse inali ya Meya. Sangchol anamukumbatira akulira.

"Mng'ono wanga, anthu onse andithawa, watsala ndi iwe."

Dokman anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa galimoto. Patapita masiku anamupezera Sangchol ntchito yolondera pamalo oimikapo magalimoto kuofesi ya mzinda. Motero m'mawa uliwonse munthu amene anamubera ankamutsegulira geti, n'kumuweramira atavula chipewa. Dokman anauza dalaivala wake kuti azilowera geti lakumbuyo.

Chovuta kwambiri chinali chikondwerero cha zokolola, pamene banja lililonse limakwera kumanda kukameta udzu ndi kukagwada. Amayi ake anakana kusamukira m'nyumba yake yaikulu, anakananso kusiya kukwera phiri. Ankayenda ndi ndodo, Gumnye atawagwira mkono, Dokman ali m'mbuyo ndi chikwakwa. Akafika ankayala mpunga, nsomba ndi zipatso, n'kuthira soju pamtumbira, n'kuyamba kucheza ndi dothi.

"Bambo a Gumnye, mwagona bwanji? Mwana wanu uja munkati ndi waulesi, pano ndi Meya. Mukumva? Akamadutsa, apolisi amaimika magalimoto. Dokman, tagwada, bambo ako akuone."

Ankagwada mpaka chipumi kugunda pansi, akudziwa kuti pansipo pali matope okhaokha. Kuti mtima ukhale m'malo anaikapo mwala wamtengo wapatali, wakuda, wolembedwa ndi golide. Sizinathandize.

"Koma ndimawalota," anatero amayi ake tsiku lina akutsika. "Amabwera ataonda, kuima panja osalowa. Ndikawaitana amandilozera pachifuwa, akuti wina wawakhalira."

"Ndi maloto chabe, Amayi. Mumadya mochedwa."

"Mwina akundisowa. Asadandaule, ndikubwera. Chovala changa ndinasoka kale."

Chovala chimenecho tonse tinkachidziwa, chifukwa ankachitamanda pamsika. Chinali chovala chawo cha m'manda, cha nsalu yachikasu yokhakhala, chimene anasoka ndi manja awo m'mwezi woonjezera wa pa kalendala ya makolo, umene akale ankati mizimu imakhala ikupumula. Chinkakhala m'bokosi la mtengo pamwamba pa kabati. Ndipo chaka chilichonse ankanena mawu omwewo: akadzafa, adzatsegule manda a mwamuna wawo, adzawagoneke pambali pake, mabokosi agundane, mtumbira ukhale umodzi.

Chisankho cha umeya chitayandikiranso, zinthu zinayamba kuterera. Lole yake inagubuduzika ndi katundu. Mtsikana wina loya, wobwera kuchokera ku likulu, anaima kupikisana naye, n'kumafunsa pamisonkhano kuti simenti ya denga la msika inagulidwa kwa yani. Akuluakulu a chipani anasiya kuyankha mafoni ake. Dokman anakweranso masitepe aja a pamwamba pa shopu ya mainjini.

"Mwanenepa, a Meya," anatero a Maeng. "Koma pakhosi pokha."

"Zikuthawa. Mwachita chiyani?"

"Ine? Palibe. Mafupa atha mphamvu. Dothi lija lawayamwa. Ndinakuuzani kuti phiri lidzamva njala."

"Likufuna chiyani? Ng'ombe? Ndigula khola lonse."

"Ng'ombe si m'bale wanu. Likufuna wa m'nyumba yomweyo. Bambo anu akhala okha nthawi yaitali."

Dokman anaimirira. "Amayi anga ali moyo."

"Ndani wanena zopha munthu? Khalani pansi, mundigwetsera makandulo. Ali ndi chovala chija, si choncho? Mukachikwirire pamene pali bambo anu. Nsalu chabe."

"Chovala chikapita, iwo atani?"

A Maeng anayang'ana zikhadabo zawo. "Munthu amalondola chovala chake. Liti, ine sindidziwa. Ndi okalamba kale. Inu mungofupikitsa njira imene akuyenda kale."

"Ndikakana?"

"Mubwerera ku ayezi. Koma mudzera kundende, chifukwa mtsikana uja akalowa muofesi atsegula makabati onse."

Dokman anatuluka atatukwana, ndipo ankati anakhala masiku angapo akudziuza kuti sangachite. Ine sindikhulupirira. Munthu amene wakana zenizeni sapita kukagula chovala china chofanana. Iye anagula, kutauni ina, chokwera mtengo kuposa cha amayi ake. Anasankha tsiku limene amayi ake amapita kukasamba ku bafa la anthu onse ndi anzawo a kumsika. Analowa, anatsitsa bokosi, anasinthanitsa. Ali mkati motuluka ndi chikwama m'manja, anakumana nawo pakhomo, tsitsi lili lonyowa.

"Iwe, wabwera osanena? Khala pansi. Taona nkhope yakoyo, ngati nsomba yagona padzuwa. Akazi ako sakukuphikira?"

"Ndikuthamangira kumsonkhano, Amayi."

"Msonkhano udikira. Meya ndi iwe."

Anamuphikira msuzi wa ndere za m'nyanja, umene ankaukonda ali mwana, n'kukhala moyang'anizana naye kumamuchotsera minga m'nsomba ndi zala. Chikwama chinali pakati pa miyendo yake. Anamaliza mbale yonse, chifukwa akanasiya akanafunsidwa. Masana omwewo anakwera phiri la a Bang.

Anapambana. Mtsikana loya uja anagwidwa ndi matenda a m'mimba sabata yomaliza, ndipo anthu anavotanso ngati olodzedwa. Usiku wa chipambano amayi ake anavina pamsika atakweza manja. Zokolola zisanafike anayamba kudandaula kuzizira. Dzuwa likuswa mtengo iwo ali m'mabulangete. Dokman anawatengera ku zipatala za ku likulu, madokotala anawaunika paliponse, osapeza kanthu. Ankangochepa. Chisanu chitayamba kugwa anapempha kuti abwerere m'kanyumba kawo.

Tsiku lina Gumnye atapita kukagula mankhwala, amayi ake anamuitana Dokman kuti ayandikire.

"Ndinauza Gumnye anditsitsire bokosi langa. Chovala chili m'menemo si changa."

"Amayi, mwina maso…"

"Msoko wanga ndimaudziwa, mwanawe. Chija ndi cha makina. Tsiku la msuzi lija chikwama chako unachigwira ngati muli mwana. Kumene unachipititsa usandiuze. Sindikufuna kudziwa, ndipo mlongo wako sindinamuuze. Ndivala chomwechi. Koma chinthu chimodzi. Undigoneke pambali pa bambo ako. Ndawadikiritsa mokwanira."

"Ndidzatero."

"Nena bwinobwino."

"Ndidzakugonekani pambali pa bambo."

Anamusisita pamutu ngati kamwana. M'mawa mwake anali atapita.

Apa m'pamene Dokman anaganiza zokabweza mafupa, ufumu uthe ngati ukutha. Koma anachedwa. Mwana wamwamuna pa maliro a kholo lake sachoka pambali pa chithunzi cha malemu. Amaima pomwepo usana ndi usiku, kugwadirana ndi aliyense wobwera kudzapepesa, ndipo awa anali maliro a amayi a Meya. Mzere unatuluka panja mpaka kumsewu. Anabwera a chipani, a mabanki, a makontalakiti, amayi onse a kumsika. Akati asunthe, wina walowa, agwade. Mawondo anatupa. Nthaka nayo inali itauma gwa ndi chisanu, yoti munthu mmodzi ndi fosholo sakanaiboola.

Anakokera Gumnye pambali. "Achemwali, masiku ano anthu akuwotcha mitembo. Boma likulimbikitsa zimenezo. Ine monga Meya ndiyenera kuonetsa chitsanzo."

"Chitsanzo ukaonetse ndi mtembo wako. Awa ndi amayi anga."

"Ndiye tiwakumbire pambali, mtumbira wawowawo. Tisawasokoneze bambo."

"Wadwala mutu? Moyo wawo wonse akhala akunena chinthu chimodzi. Kapena umeya wakutseka makutu?"

Tsiku loika, tauni yonse inakwera phiri. Ine ndinalipo. Sangchol analiponso, ndipo ngakhale anali wofooka anaumirira kunyamula nawo bokosi, akuti mayi amenewa anamudyetsapo ali mwana. Okumba manda anayatsa moto kuti nthaka ifewe, n'kutsegula mbali ya mtumbira. Mwambo wake ndi woti afike pa bokosi la mwamuna, achotse dothi lapakati, kuti awiriwo aonane. Anakumba, anapeza zidutswa za matabwa. Mkulu wa okumbawo anagwada, n'kupapasa ndi manja. Anapapasa nthawi yaitali. Kenaka anakweza mutu, osayang'ana Meya, koma Gumnye.

"Mayi, muno mulibe munthu."

"Awola," wina wa chipani anafulumira kunena. "Ndi kale."

"Bwana, ntchito iyi ndakalamba nayo. Mano saola. Muno munalowa fosholo."

Gumnye anatsikira m'dzenjemo ndi zovala zake za maliro, n'kuyamba kufukula matope ndi zala. Atatopa anaimirira, manja ali bii, n'kuyang'ana mlongo wake. Dokman anali atagwada kale.

"Bambo ali kuti, Dokman?"

Ananena zonse. A Maeng, bokosi la nsomba, kapepala kapachitseko, chovala. Mawu ake anali aang'ono, koma pamalopo panali chete moti tonse tinamva. Anthu a chipani anayamba kutsetsereka mmodzimmodzi. Iye anakwawira kwa Gumnye.

"Ndikawatenga lero lomwe. Amayi adikire pang'ono. Ndikumba ndi manja ngati n'kofunika. Achimwene a Sangchol, ndiloleni ndikwere phiri lanu, ndikangotenga bambo anga, kenaka mundichite chimene mufuna."

Sangchol anali ataima pafupi ndi bokosi, chipewa m'manja. Anayankha motsitsa.

"Kulibe manda kuja."

"Bwanji?"

"Chaka chino chinali ndi mwezi woonjezera. Mkazi wanga anati manda a agogo atitembenukira, tiwachotse tisanathe tonse. Ndinakafukula ndekha, ndalama yolemba anthu ndinalibe. Ndinapeza chovala chatsopano cha m'manda. Ndinapezanso mitu iwiri. Bokosi linali litawola, mafupa atasakanikirana. Sindinadziwe wa agogo ndi uti. Ndinagwadira yonse iwiri, ndinawotcha zonse, phulusa ndinakamwaza kunja kwa doko."

"Achimwene…"

"Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti agogo anapha munthu n'kumubisa pansi pawo. Ndinkati n'chifukwa chake Jaegu anamira, kulipira mlandu wa magazi athu. Miyezi yonseyi ndakhala ndikupepesa kwa mwana wanga chifukwa chobadwira m'banja la wakupha." Anayang'ana Dokman kuyambira kumutu mpaka kumawondo. "Ndipo geti lija ndinkakutsegulira ndi mtima wonse."

Sanamumenye. Anavala chipewa chake n'kutsika phiri. Chikhala ine ndikanamuphwanya ndi fosholo, koma ndanena kale kuti Sangchol sanali ngati ife.

Amayi aja anaikidwa tsiku lomwelo, okha, pambali pa dzenje lopanda kanthu. Gumnye sanalole kuti mlongo wake aponyepo dothi.

Zotsatira zake sizinachedwe. Chipani chinamutaya sabata yomweyo. Makabati aja anatsegulidwa, nkhani ya simenti inatuluka, mlandu wofukula manda unaonjezerapo, ndipo anakakhala kundende. Malole anatengedwa, fakitale inatengedwa, mkazi wake anapita kwawo ndi ana n'kusiya kuyankha makalata. Mbendera ya a Maeng inazimiririka pawindo paja maliro asanathe. Tinamva kuti ali kutauni ina, ndipo magalimoto akuda amaima pakhomo pawo.

Atatuluka kundende anabwerera m'kanyumba ka amayi ake, tsitsi lonse litayera. Poyamba tinkaona ngati ali bwinobwino. Kenaka m'mawa wina anafika pamsika maboti akungokocheza, anaima pa thebulo la mayi wina, n'kuyang'anitsitsa nsomba.

"Izi mwazigwira kuti?"

"Kunja kwa doko, a Meya. Mugula kapena mukuchita kafukufuku?"

"Ndiye zadya phulusa. Bambo ali m'menemu. Musazitumbule, chonde."

Anagula zonse ndi tindalama timene anatsala nato. Anazikulunga m'pepala loyera, anakwera nazo phiri, anakumba pambali pa amayi ake, n'kuzikwirira. M'mawa mwake anabweranso. Ndalama zitatha anagulitsa wotchi, kenaka suti, kenaka malata a denga. Zitatha izo anayamba kupempha, ndipo aliyense womupatsa nsomba ankayenera kumva nkhani yonse kuyambira pa apulo. Ena ankamuthamangitsa ndi madzi a ayezi. Ena ankamupatsa mitu ndi matumbo kuti achoke. Iye ankalandira ndi manja awiri, n'kuwerama.

M'chilimwe phiri lonse linkanunkha, makwangwala ndi amphaka akumenyanirana pamtumbira. Gumnye anapita kukamuletsa, ndipo anamupeza atakhala pansi akulankhula ndi dothi.

"Amayi, ndabwera nawo ena pang'ono. Sindikudziwa ngati ndi mkono kapena mwendo. Musatope, nyanja ndi yaikulu, koma ndimaliza. Ndinalonjeza."

Gumnye anangobwerera. Anatiuza kuti anapita ndi ukali koma unamuthera m'njira.

Anachita zimenezo zaka zingapo, yekha osadya nsomba ngakhale imodzi, m'tauni yoti chakudya chake ndi nsomba. Anaonda mpaka kutsala maso. Chisanu china chachikulu chitagwa sanaoneke pamsika. Amene anakwera kukamuyang'ana anamupeza atagona chammbali m'dzenje limene anakumba yekha pambali pa amayi ake, atauma gwa, atafungatira kaphukusi ka nsomba. Pa maliro ake panalibe nkhata, ndipo a chipani sanatumize ngakhale dalaivala. Gumnye anamuika kutali, kuseri kwa phiri. Anati malo a pambali pa amayi ndi a bambo, kaya alipo kaya palibe.

Ine ndakalamba ndikusenza ayezi, ndipo sindinganame kuti umphawi ndi wokoma. Ndi woipa, umanyozetsa, ndimadana nawo mpaka lero. Koma inu amene mukuona mnzanu akudya n'kumaganiza zokwera masitepe a sing'anga, mvetsetsani. Chuma chokhwimira sichichokera kumwamba kapena m'dothi. Chimachotsedwa m'mbale ya munthu wina, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi amene amakukondani. Sing'anga amayamba n'kukupemphani chimene mukuganiza kuti chinafa kale, kenaka amabwera kudzatenga chamoyo. Dokman ankafuna kuti tauni yonse izimuweramira, ndipo inamuweramiradi. Koma mayi mmodzi wokalamba anamupempha kanthu kamodzi kokha, koti ngakhale wosenza ayezi amakwanitsa, ndipo Meya wa Naksil analephera. Dyera limatero. Ngati mwasauka, saukani makolo anu ali m'manda mwawo.